Tsiku limene ndinaotcha nyumba m'foni

Nyumba sindinaotchepo ine. Ndiyambe ndi pamenepo, chifukwa mpaka lero alipo anthu pakati pa Golomoti ndi Mua amene akandiona ndikudutsa panjinga amakodolana. Kupsa mtima ndimapsa, zimenezo sindikana. Mawu anga ndi aakulu, ndipo zaka zimene ndakhala ndikuwotcherera zitsulo pa Golomoti, m'phokoso la makina ndi nyundo, zinawakulitsa kuposa mmene ndinabadwira nawo. Koma nyumba imene anthu anaiona ikuyaka ilipo, ndipo malata ake ndi omwe aja ndinakhoma ndekha.

Ndinaimanga kwawo kwa mkazi wanga. Ndine mkamwini, kwathu ndi cha ku Mtakataka. Njerwa ndinaumba ndine, kuziotcha ndine, mafelemu a zitseko ndi mawindo ndinawotcherera ndi manja angawa. Koma dothi limene nyumbayo yakhalapo si langa, ndipo ana ndi a mbumba ya kuchikazi. Tsiku limene eni ake adzati basi, ine ndidzanyamula bulangete ndi zida zanga n'kuona msewu. Mwini mbumbayo ndi alamu anga, mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga, amene amakhala ku Lilongwe. Sitinagwirizanepo chiyambire. Iwo amayankhula motsitsa, ngati munthu wowerenga kalata, ndipo ine anthu otere amandiyabwa.

Ndi alamu omwewo amene anagulira mwana wanga wamkazi foni yaikulu atakhoza mayeso a Fomu 2. Ine sanandifunse. Foniyo inangofika m'katoni, mwana n'kuyamba kudya mutu uli pansi.

Mafilimu ankakaikitsa pamsika, kwa aja odzaza mamemori khadi. Onse amene ankawakonda nkhani yake inali imodzi. Dziko latha. Mizinda yagwa, nyumba zazitali zatsala nthiti zokhazokha, kumwamba kwachita chikasu ngati wina akuotcha tchire chaka chonse. Akuluakulu onse ndi ankhanza: avala yunifolomu, atsekera madzi, akusankha ana ngati tomato wopita kumsika. Ndiye pamatulukira kamtsikana ka msinkhu wa mwana wangayo, tsitsi lili bwinobwino ngakhale dziko latha, n'kugwetsa akuluakulu onsewo. Tsiku lina ndinaonerako pang'ono ndili chiimire kumbuyo kwake. Mlatho wautali unkagwera m'madzi, magalimoto ali pomwepo.

"Kodi mlathowu anaugumuladi?" ndinafunsa.

Anandiseka. "Ababa, palibe chimene chagumulidwa. Anthuwo amawajambula m'chipinda, kumbuyo kuli chinsalu chobiriwira. Zinazo amachita kuikirira pakompyuta. Amati maifekiti."

"Ndiye kuti ndi bodza."

"Si bodza, ndi luso."

Ine sukulu ndinafika Fomu 4, sindine munthu woti ungandiopseze ndi mawu achingerezi. Ndinaziona bwinobwino, ndipo maganizo anga sanasinthe mpaka pano. Mukachotsa moto uja, mukachotsa milatho yakugwa ndi thambo lachikasu, chimatsala ndi chiyani? Mwana akuyankha mwano akuluakulu. Basi. Ntchito ya moto woikirirawo ndi imeneyo: kuti mwana akatukwana wamkulu azioneka wolungama, chifukwa kumbuyo kwa wamkuluyo mzinda ukuyaka. Sakuonetsani amene anagula sopo wochapira malaya a kamtsikanako.

Chitafika tchuthi cha miyezi ya mwera, iye ndi anzake a gulu la zisudzo kusukulu anaganiza zopanga filimu yawo. Ndinkawaona ndikamapita kuntchito, ali panjanji, avala masaka, adzipaka phulusa kumaso, akuthamanga pakati pa milambe. Sindinaletse. Ndinati bola akusewera poyera, masana, anthu akuwaona.

Lamlungu lina titabwera kutchalitchi, ndinapeza mbuzi za anansi athu zalowa m'khitchini n'kung'amba thumba la mpunga umene ndinasungira mbewu. Mpunga uli mbwee pansi, mbuzi zisanu zikudya ngati zaitanidwa. Ndinali nditauza anthu a pakhomo kangapo konse kuti chitseko chimenecho chizikhala chotseka. Magazi anandikwera. Ndinavula malaya a kutchalitchi, ndinatola chidutswa cha paipi chimene chinali pakhonde, n'kuzithamangitsa bwalo lonse. Ndinakuwa, inde. Ndinati, "Chokani pano nonse! Wobwereranso ndimuthyola miyendo! Ndikumalizani mmodzimmodzi!" Mbuzi sindinamenye ngakhale imodzi, zinandithawa. Ndinaima pakati pa bwalo, kutsogolo kwa nyumba, paipi ili m'manja, ndikupuma ngati ng'ombe yapangolo.

Sindinadziwe kuti mwana wanga anali kuseri kwa nkhokwe, foni ataiimika.

Zimene anachita nazo ndinaziona pambuyo pake. Mbuzi anazidula, sizioneka n'komwe. M'malo mwake anaikamo anzake aja ovala masaka akuthawa, ena akugwa. Thambo analifiiritsa. Mapiri a ku Dedza amene timawaona kumadzulo anawaika utsi. Mawu anga anawanenepetsa kuti azimveka ngati akuchokera mu mgolo. Ndipo padenga pa nyumba yanga anaikapo moto, malawi ataliatali otulukira m'mawindo amene ndinawotcherera ndekha. M'nkhani yawo ine ndinali munthu amene walanda mjigo womaliza padziko, ndipo ndimaotcha nyumba za ana obwera kudzaba madzi.

Kachidutswa kameneko, kosakwana ndi mphindi imodzi, anakatumiza kwa msuweni wake ku Lilongwe, mwana wa alamu aja, kuti aone zimene foni ija ikutha kuchita. Msuweniyo anakaonetsa mayi ake. Mayi akewo sanafunse kanthu, anangoyamba kulira. Alamu anaimbira mkazi wanga, foni yake inali kotchajitsa. Anaimbira ine, yanga inali m'thumba la jekete lopachika pamsomali, ine ndikudula zitsulo. Ndiye anakaponya pagulu la pafoni la abale onse, pansi pake n'kulemba kuti, "Onani zimene wachita mkamwini." M'mawa mwake anakwera minibasi. Ali m'njira wina anawauza kuti nyumba ilipo, sinapse. Anayankha kuti abwerabe.

Linali Lachisanu, cha m'ma leveni, pamene mkazi wanga anafika kushedi kwanga pakabaza. Sabwerabwera kuntchito kwanga. Anaima patali, kudikira kuti ndizimitse makina.

"Tsekani," anatero. "Achimwene afika. Atumizanso uthenga ku Mtakataka, akulu anu ali m'njira."

Akulu angawo ndiwo ankhoswe anga. Munthu saitana ankhoswe kuti adzamwe tiyi.

Zimene ndinapeza pakhomo zimandiwawa mpaka lero. Uthenga unali utayenda pakamwa m'midzi yoyandikana nafe, kwa anthu amene alibe mafoni oonetsa zithunzi, ndipo anachita zimene timachita nyumba ikapsa. Amayi anabwera ndi mitolo ya udzu wofolera. Ena ufa m'mabeseni, ena zovala zakale za ana. Anatula katundu wawo pabwalo, n'kumayang'ana nyumba ili chiimire, yosada ndi pang'ono pomwe. Mayi wina wachikulire anapita kukagwira khoma, kenako ananunkhiza dzanja lake. Wina anazungulira kuseri, akuti mwina yapsa ndi mbali inayo. Atandiona anati, "Pepani bambo, pepani," koma maso ali m'manja mwanga. Ndipo sanachoke. Anakhala pansi cha kukhitchini, miyendo tambalale, kudikira.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Alamu pampando, akulu anga pampando, ine pabenchi, mkazi wanga pamphasa. Mwana anamuuza kuti adikire pakhonde. Atatha malonje, alamu anayamba ndi mawu awo aja otsitsa.

"Alamu, nyumba ndaiona. Ili bwino. Koma ine sindinabwerere malata."

"Ndiye mwabwerera chiyani? Mwaononga dzina langa kuchoka ku Lilongwe mpaka kuno, nkhani yake ya katuni wa mwana!"

"Khala bwino, iwe," anatero akulu anga. "Amalize kaye."

Alamu anaitanitsa foni ya mwanayo, n'kuika kachidutswa kaja. Ndi pamene ndinakaona koyamba. Ndinadziona ndili chifuwa pamtunda, paipi m'manja, nyumba ikulilima kumbuyo kwanga, ana akuthawa. Koma ine moto ndimagwira nawo ntchito tsiku lililonse, ndimaudziwa. Nditaonanso kachiwiri ndinalanda foniyo m'manja mwawo.

"Taonani apa! Masamba a mango akuweramira uku ndi mwera, koma utsi ukukwera chilili ngati mzati. Utsi wanji umenewo? Malata amayaka ngati udzu? Ndiye onani pakhondepa. Thadzi ili, ndi anapiye ake, likutola mpunga pansi pa malawi. Likudutsa m'moto weniweni, nthenga osapsa! Inu anthu ophunzira a mu tauni, thadzi lonseli osaliona?"

Amayi aja anaseka. Ngakhale akulu anga anamwetulira. Ndinati basi, nkhani yatha.

Alamu sanaseke. "Moto ndi wabodza, tavomera. Thambo ndi labodza. Nanga paipi ili m'manjamoyo, anachita kuikirira?"

"Ndinkathamangitsa mbuzi!"

"Nkhopeyo anaikirira? Mitsempha ya m'khosiyo?"

"Ndati mbuzi! Zinadya mbewu yanga!"

"Chabwino. Ine ndinakhulupirira nditangoona. Akazi anga anakhulupirira. Amayi ali apowa anyamula udzu kuchoka kutali, palibe anati, iyayi, bambo aja sangatero. Ndi chimene ndabwerera. N'chifukwa chiyani palibe anakaika?"

Funso limenelo linandikwiyitsa kwambiri. Alamu anatembenukira pakhonde. "Iwe, bwera kuno."

Mwana anabwera n'kugwada pafupi ndi mayi ake. Maso anali atatupa.

"N'chifukwa chiyani unasankha bambo ako? Anyamata kusukulu kwanu anatha?"

"Tinayesa atatu, amalume. Aliyense akati akwiye ankangoseka. Wina tinamupaka makala kuti zikhale ndevu, koma ankaoneka ngati akudwala m'mimba."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinati ndingowadikira ababa."

"Unadikira masiku angati?"

"Awiri."

Cha kukhitchini kunamveka kaphwete.

"Zidutswa zina zilipo?"

"Zilipo."

"Zonse ndi za mbuzi?"

Anayang'ana mayi ake. Mayi ake anayang'ana mphasa. "Zina ndi za ife," anatero.

Foni inali idakali m'dzanja langa. Sindikudziwa kuti dzanjalo linakwera nthawi yanji, koma ndinangozindikira lili pamwamba pa phewa, ndipo pafupi ndi phazi langa panali mwala umene timakhomerapo mtedza. Alamu sanasunthe, ankangondiyang'ana, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti akufuna ndiimenyetse. Zikanawapeputsira ntchito. Akulu anga anayankhula osandiyang'ana, motsitsa, mmene ankandiuzira tili ana ndikafuna kugenda galu wa eni ake.

"Ika pansi. Pamphasa. Pang'onopang'ono."

Ndinaika.

Alamu anauza mwanayo kuti asankhe chimodzi, chopanda moto, chopanda chilichonse choikirira. Anasankha. Anaikweza mawu kuti tonse timve.

Thambo linali loyera, la tsiku wamba. Ine ndaima pakhomo, ndavala ovolosi, ndikukuwa za tepi yanga yoyezera imene inasowa. Ndikuti m'nyumba muno muli anthu osasamala, anthu odya okha, anthu ofuna ndife ndi njala. Mkazi wanga waima patsogolo panga, ndowa yamadzi ili pamutu, akuchokera kumjigo. Sangalowe chifukwa ndatseka khomo, sangatule chifukwa ndikuyankhula naye. Madzi akumutsikira m'khosi. Akungodikira. Kumbali kukuoneka mwana wathu wamng'ono, wazaka zisanu, wadziphatika kukhoma, zala zili m'makutu. Tepiyo ndinaipeza m'thumba la ovolosi yomweyo nditafika kushedi. Sindinauze munthu.

Apa palibe anaseka. Ndipo panalibe thadzi loti ndiloze.

Musaganize kuti mkwiyo wanga unathera pamenepo. Unakula. Ndinafunsa, ndipo ndikufunsabe: foni imeneyi inali kuti pamene mwana yemweyu anakomoka ndi malungo, ine n'kumubereka kumsana ndi chitenje cha mayi ake, kupalasa njinga mpaka kuchipatala ku Mua dzuwa lili pamutu? Inali kuti pamene madzi analowa m'mudzi, ine n'kumanyamula matumba a chimanga pamutu kupita kumtunda mpaka khosi linauma? Zimenezo sizilowa m'filimu. Mafilimu aja anamuphunzitsa kuti wamkulu ali ndi ntchito imodzi, yoopsa, ndipo iye anandiyang'ana zaka zonsezi n'kusankha mphindi zimene zikugwirizana ndi ntchitoyo. Ndinanena zimenezi pabwalopo. Ndinayesetsa kuzinena motsitsa, koma zinatuluka mokuwa.

"Zimenezo tikuzidziwa, alamu," anatero alamu. "Palibe wati ndinu waulesi." Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo. "Chemwali, anakumenyanipo?"

"Ayi. Sanandikhudzepo, ngakhale ana."

"Nanga zimene taonazi?"

"Timadikira amalize. Akamaliza timadya."

"Masiku onse?"

"Si onse, achimwene. Koma sitidziwa kuti lero ndi liti."

Zaka makumi awiri ndakhala ndi mayi ameneyu, ndipo mawu amenewa sanandiuzepo. Anawasungira alamu, pamaso pa amayi a m'midzi itatu. Ndinafuna kumufunsa kuti bwanji osandiuza tili awiri. Koma ndinadziwa chimene akanayankha, ndiye ndinatseka pakamwa.

Alamu anakonza kolala ya malaya awo. "Inu ankhoswe, mwamva ndipo mwaona. Ine ndabwera wokonzeka. Ngati mlongo wanga watopa, m'bale wanuyu mupite naye lero lomwe. Zida zake atenge, nyumba ndi ya ana."

Akulu anga anati, "Tamva. Koma mwambo wake timafunsa mwini wake." Anatembenukira kwa mkazi wanga. "Mlamu, mwamunayu mukumufunabe, kapena tinyamuke naye?"

Mkazi wanga anatenga kachitsotso n'kumakolowola nako dothi la pakati pa mabango a mphasa. Ine ndinayang'ana nyumba. Ndinayang'ana mawindo, ndinakumbukira kuti la kuchipinda ndinaliwotcherera kawiri chifukwa poyamba linapendama. Ndinaganiza za kwathu ku Mtakataka, kumene malo anga ogona ndi khitchini ya akulu anga, mwamuna wa imvi kubwerera ndi chikwama. Ndinayang'ana mwana wanga, amene anayambitsa zonsezi ndi moto wake wopanda kutentha. Ankalira mosatulutsa mawu. Ndinamukwiyira, ndipo panthawi yomweyo ndinafuna kumuuza kuti apukute mphuno.

"Akhale," anatero mkazi wanga.

Ndinatulutsa mpweya. Koma anali asanamalize.

"Akhale. Koma achimwene, nambala yanu ndili nayo. Tsiku limene adzandiimikenso ndi ndowa pamutu, sadzakhala mwana wokutumizirani zithunzi. Ndidzaimba ndine. Ndipo tsiku limenelo musadzavutike kundifunsa."

Ananena akuyang'ana ine, osati alamu.

Ankhoswe onse anavomereza. Mwana anamulamula kuti afufute zidutswa zonse za pakhomo, ndipo anafufuta ife tikuona, ngakhale kaja ka moto kanali katapita kale m'mafoni a anthu amene sindidzawadziwa. Alamu anakana kulemba pagulu la abale kuti analakwitsa. Anati alemba kuti nkhani yakambidwa. Amayi aja anasenza udzu wawo ndi mabeseni awo n'kumapita, akukambirana chapansipansi.

Mlendo amaperekezedwa, ndipo woperekeza mwini mbumba ndi mkamwini. Ndinaika chikwama chawo pakaliyala, n'kumakankha njinga pambali pawo mpaka kusiteji ya pamsewu waukulu. Minibasi itaima, anagwira chitseko n'kutembenuka.

"Musayese kuti ine ndakhutira, alamu. Wakusungani ndi mlongo wanga."

Yankho ndinali nalo. Linali lalitali, lokhudza foni imene anagula osandifunsa, lokhudza munthu wamkulu wotumiza moto wa katuni kwa abale onse asanafunse, ndipo linali litafika kale pammero. Kondakitala ankandiyang'ana, anthu a m'minibasi ankandiyang'ana. Ndinawapatsira chikwama chawo ndi manja awiri.

"Muyende bwino," ndinatero.

Minibasi inanyamuka. Ndinaima pamenepo mpaka inazimiririka pamsewu, kenako ndinatembenuza njinga kubwerera kunyumba. Ndinapeza mkazi wanga akusesa pamene tinakhala paja. Ndinaima pambali, njinga ili m'manja, kudikira kuti amalize ndidutse.